Kusamala agogo pakhomo mliri ukagwa

Mliri ukagwa m'dziko, mawu oyamba amene munthu wachikulire amauzidwa ndi akuti "agogo, musatuluke". Malangizowo ndi abwino, koma amathera panjira. Sanena kuti madzi atunga ndani, mankhwala a BP akatha akatenga ndani, kapena kuti munthu amene moyo wake wonse wakhala akulawirira kudimba, kutchalitchi ndi kumaliro atani ndi tsiku lathunthu pakhonde. Nkhaniyi ndikulembera inu agogo, ndi inu ana ndi zidzukulu amene mumawasamala. Mfundo yanga ndi imodzi: chimene tikutalikitsa kwa agogo ndi kachilombo, anthu ayenera kukhalabe pafupi nawo.

COVID-19 idapezeka koyamba m'Malawi pa 2 Epulo 2020, sukulu zitatsekedwa kale pa 23 Malichi. Boma lidafuna kuti anthu abindikire masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, koma khoti lidaletsa, ndiye achinyamata adapitiriza kupita kumsika, kukwera minibasi ndi kubwerera kunyumba madzulo kumene kudali agogo. Mu Januwale 2021 matendawa adafika poopsa, moti pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Tisanapume bwino, kolera idabuka ku Machinga mu Malichi 2022, n'kufalikira m'maboma onse, ndipo idapha anthu oposa 1,700. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 sikuonedwanso ngati ngozi yadzidzidzi padziko lonse, koma kachilomboko sikadathe, ndipo mliri wina udzabwera ndithu. Munthu akapitirira zaka 60, chitetezo cha m'thupi chimayamba kuchepa mphamvu. Pakaonjezekera shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, matenda a mtima kapena TB, chifuwa chimene mnyamata amachira nacho akuyenda chimagoneka agogo m'chipatala.

Tiyambire pogona. M'makomo ambiri agogo aakazi amagona mphasa imodzi ndi zidzukulu, ena mwa iwo ana amasiye amene alibenso kwina kopita. Sindingakuuzeni kuti muwathamangitse anawo. Chimene ndikupempha ndi chakuti mwana akayamba kutsokomola, kutentha thupi kapena chimfine, usiku womwewo akagone kwina, kwa azakhali ake kapena pabalaza, mpaka atachira. Chimodzimodzi mlendo wochokera kutauni kapena ku Joni: apereke moni ali panja, akhale chapatali, agone nyumba ina masiku oyambirira. Si mwano umenewo, ndipo ndi bwino agogo eni ake ndiwo anene, chifukwa mawu awo sakanidwa.

Kachilombo ka chifuwa kamayenda ndi mpweya, ndipo kamachuluka m'chipinda chotsekeka. Taonani mazenera a nyumba ya agogo. Nthawi zambiri mupeza adatsekedwa ndi njerwa, katoni kapena thumba la feteleza poopa akuba ndi mphepo, moti masana omwe m'katimo mumakhala mdima ndi fungo la utsi. Chotsani zimenezo masana, tsegulani chitseko, mpweya uzidutsa. Macheza onse azichitikira pabwalo, pansi pa mtengo, anthu atatalikirana mita imodzi kapena kuposerapo. Nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi musalowetse mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka chitseko, chifukwa makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo. Ndi bwino kuwaonjezera bulangete.

Pa chakudya, mwambo wosamba m'manja m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, uyambe waima. Wina azithirira mnzake ndi kapu, ndi sopo, masekondi osachepera 20, madziwo azigwera pansi kapena m'beseni lotayira. Ikani mpondagiya pafupi ndi chimbudzi ndi wina polowera pakhomo, koma muuike potsika ndi pouma kuti agogo asaterereke popondapo. Agogo akhale ndi mbale ndi kapu yawo. Nthawi ya kolera madzi akumwa aziwiritsidwa kapena kuthiridwa WaterGuard kapena klorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Sungani mapaketi a Thanzi ORS m'nyumba. Munthu wachikulire akatsegula m'mimba madzi amamuthera msanga kwambiri, ndiye yambani kum'mwetsa pomwepo muli m'njira ya kuchipatala.

Apa ndikhalitsepo, pa nkhani ya mankhwala a masiku onse. Nthawi ya COVID-19 anthu ambiri adasiya kupita kuchipatala poopa kukatengako matenda, ena poopa kuti akakatsokomola pamzere awagoneka kumatenti. Zotsatira zake, mapiritsi a BP ndi a shuga amatha, munthu n'kukhala mwezi osamwa, kenaka tsiku lina n'kungogwa, kufa ziwalo mbali imodzi. BP siipweteka, n'chifukwa chake imanyenga. Agogo amati "ndikupeza bwino" pamene magazi akuthamanga. Musadikire kuti botolo lithe. Kukatsala mapiritsi a sabata ziwiri, konzani ulendo. Funsani adokotala ngati angakupatseni a miyezi ingapo nthawi imodzi, monga amachitira ndi ma ARV kwa amene akumwa mokhulupirika, komanso ngati mwana wanu angamakutengereni ndi buku lanu la kuchipatala. Ngati tsikulo ndi lofunika kuti akuyezeni, pitani inuyo eni ake, mutavala masiki yotseka mphuno ndi pakamwa, mulawirire mzere usanatalike. Bukulo, chiphaso cha unzika ndi mankhwala zizikhala m'jumbo imodzi, pamalo podziwika ndi aliyense wa m'nyumbamo. Ngati maso ayamba kuchita chidima, mdzukulu wodziwa kuwerenga azipatula mapiritsi a m'mawa ndi a madzulo m'timapepala tosiyana.

Kudya nakonso kumavuta munthu akamangokhala. Njala siimveka, mano mwina adatha, ndipo wophika akakhala yekha amangoti "ndingomwa tiyi". Inu osamala, musangofunsa ngati adya, onani mbale. Nsima ikhale yofewa, ndipo ya mgaiwa iposa ya ufa woyera. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya, nyemba zophikidwa mpaka kuphwanyika, dzira, usipa kapena bonya wosinja n'kuthira m'ndiwo, nkhwani wotendera, bonongwe, kholowa, papaya, nthochi: zonsezi zili m'magulu 6 a zakudya amene a zaumoyo amaphunzitsa, ndipo zambiri zimapezeka pakhomo pomwepo. Apatseni pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku. Odwala BP achepetse mchere, odwala shuga asamale ndi thobwa lotsekemera ndi zakumwa za m'mabotolo. Madzi azikhala pafupi m'kapu yovindikira, chifukwa okalamba samva ludzu msanga, ndipo ena amadzimana dala poopa kudzuka usiku. Chitini chovindikira pafupi ndi pogona ndi tochi zimathetsa manthawo.

Kukhala kunyumba sikutanthauza kugona. Miyendo ya munthu wachikulire ikakhala masiku ochepa osagwira ntchito imafooka, ndipo mphamvuzo zimavuta kubwerera. Ndaonapo anthu amene mliri sudawakhudze n'komwe, koma pomatha miyezi yobindikira anali osatha kudzuka pampando popanda wowagwira. Kudimba kapena kumunda kwanu pitani, kulibe chikhamu cha anthu kumeneko ndipo mpweya ndi wabwino. Amene simungafike kutali, zungulirani nyumba m'mawa ndi madzulo, sesani pabwalo, dyetsani nkhuku, tongolani chimanga, sendani mtedza, lukani mphasa. Khalani pampando wolimba n'kuimirira, kukhalanso n'kuimirira, kangapo motsatizana, mutagwira khoma ngati kuli kofunika. Inu ana, musawalande agogo ntchito zonse poganiza kuti ndiye chikondi. Munthu amene walandidwa khasu, mtondo ndi mphika tsiku limodzi amayamba kudziona ngati katundu.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kusungulumwa. Pali makomo kumene lamulo lotalikirana lidasanduka chifukwa chosiyira agogo okha: chakudya kuwaikira pakhomo, mwana n'kuthawa, tsiku lonse osamva liwu la munthu. Zikatero tulo timasowa, chakudya sichilowa, maganizo amachuluka, BP imakwera. Pabanja gwirizanani kuti tsiku lililonse wina azikhala nawo pabwalo, chapatali, kucheza nawo osathamanga. Zidzukulu zikhale cha uko madzulo, agogo aziimba nthano monga kale. Nthano siifuna kugwirana manja. Pakabuka nkhani pabanja, ya munda, ya ukwati kapena ya ana olongolola, muziwafunsabe nzeru, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mliri susintha zimenezo. Ana amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunja, sankhani tsiku ndi ola lodziwika loimba foni, kuti agogo akhale ndi choyembekezera. Muwagulireko mabatire a wailesi kapena kasola kotchajira. Mapemphero amamveka pa Radio Maria, TWR, Radio Islam ndi nyumba zina zoulutsira mawu, ndipo akulu a mpingo kapena amzikiti angathe kubwera awiri kudzapemphera nawo pabwalo. Komabe wailesi isakhale yongowerengera maliro tsiku lonse. Nkhani za mliri kamodzi kapena kawiri pa tsiku n'zokwanira.

Maliro ndiye pamene pamavuta. Munthu wachikulire kumuuza kuti asapite kukaika mnzake amene adavina naye chinamwali n'chinthu cholemera, ndipo amaopanso kuti anthu adzati chiyani tsiku lake likadzafika. Koma m'nyumba ya siwa, mmene amayi amagona mothithikana usiku wonse akuimba ndi kulira mazenera ali otseka, ndi malo amene matenda a chifuwa amafala mosavuta. Pa maliro a kolera ngozi ili posambitsa thupi ndi pa chakudya. Agogo atumize chipepeso ndi mwana wawo, kapena afike masana, akhale panja chapatali atavala masiki, apepese, abwerere osagonera. Mafumu athandizepo polengeza pamaliro pomwepo kuti okalamba ndi odwala amasulidwa, kuti pasakhale wowanena.

Tsopano zizindikiro. Okalamba ambiri akadwala satentha thupi kwambiri ngati ana. Chimene mungaone ndi chakuti agogo akungogona, akukana chakudya, agwa kawiri popanda chowapunthwitsa, kapena ayamba kulankhula zosokonekera, kuitana anthu amene adamwalira kale, kusochera pakhomo pawo pomwe. Musati "ndi ukalamba basi". Kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi kumasonyeza matenda, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena shuga wosokonekera. Kubanika, kupuma mothamanga, kupweteka pachifuwa, kulephera kumwa kapena kudzuka, zimenezi ndi za kuchipatala tsiku lomwelo. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena imbani 929, Chipatala Cha Pa Foni, mwaulere. Nambalayi, pamodzi ndi ya wakabaza wodalirika, ilembedwe pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu.

Ndikudziwa kuti ambiri mudafukiza masamba a bulugamu ndi kumwa mandimu, jinja ndi adyo. Tiyi wa mandimu amafewetsa pakhosi, palibe choletsa. Koma kufukiza sikupha kachilombo kamene kali m'mapapo, ndipo kumuphimba munthu wobanika kale ndi bulangete pamwamba pa mphika wowira kungathe kum'komola kapena kum'psereza. Choipa kwambiri n'chakuti kumachedwetsa ulendo wa kuchipatala masiku awiri kapena atatu amene akadam'pulumutsa.

Pali chinanso chimene sindingachilumphe. Maliro akachuluka m'mudzi, zala zimaloza okalamba kuti ndi afiti, makamaka mayi wamasiye wokhala yekha kapena amene wayamba kuiwalaiwala. Ena amenyedwa, ena awotcheredwa nyumba, ena aphedwa. Mliri umabwera ndi tizilombo, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la dziko lino la 1911. Mukamva manong'onong'o oterowo musadikire kuti afike pa miyala: dziwitsani amfumu, apolisi a m'mudzi ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu. Bungwe la MANEPO nalonso limamenyera ufulu wa okalamba.

Katemera wa COVID-19 adafika m'dziko muno mu Malichi 2021, ndipo okalamba adali m'gulu loyamba kubayidwa. Mphekesera za pa WhatsApp zidabweza ambiri. Katemera sakulonjeza kuti simudwala, koma amachepetsa kwambiri kudwala kwa kayakaya ndi imfa, ndipo amene amapindula naye koposa ndi inu agogo. Akalengeza katemera wa mliri uliwonse, funsani alangizi a zaumoyo tsiku limene afike kufupi ndi kwanu, ndipo muwauze matenda amene muli nawo ndi mankhwala amene mukumwa.

Ndalama nazo zikonzedwe mliri usanafike pachimake. Amene muli pa Mtukula Pakhomo, funsani komiti ya m'dera lanu za munthu wokulandirirani kuti musakaime pamzere, ndipo akabwera nazo muwerengere limodzi pamaso pa mboni. Ana akamatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala yachinsinsi isauzidwe munthu aliyense woimba foni, ngakhale atanena kuti ndi wa boma kapena wa bungwe logawa thandizo la mliri. Uthenga wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" muyambe mwaufunsa kwa mwana wanu pomuimbira pa nambala yake imene mumaidziwa. Ndalama ikapezeka, gulirani limodzi sopo, mchere, machesi, mafuta ophikira ndi ufa wa sabata ziwiri, ndipo patulani ya kabaza wopita kuchipatala, isungidwe m'jumbo ya mankhwala ija, isakhudzidwe.