Mukaona m'bale wanu akuganiza kwambiri, yambani chonchi

Achimwene anga ananyamuka ulendo wa ku Joni alamu ali ndi pakati pa miyezi isanu, monga amachitira anyamata ambiri kuno ku Mangochi. Mwana atabadwa alamu aja anasintha. Munthu amene amadzuka mbandakucha kukagula usipa ku doko nkumakagulitsa pamsika anayamba kungokhala pakhonde, mwana akulira pamphasa iwo maso ali kunyanja, nsima ikuzizira m'mbale. Ife tinkati ndi ulesi, ena akuti akusowa amuna awo, ena mpaka anayamba zoti awalodza. Tinataya miyezi itatu chonchi ndipo mpaka lero zimandiwawa, nde ndati ndilembe zimene ndinaphunzira mwina wina asachedwe ngati ife.

Yambani ndi kuyang'anitsitsa. Kukhumudwa kwa tsiku limodzi kapena awiri aliyense kumamugwira, koma zikadutsa masabata awiri munthu sakugona, chakudya sakuchifuna, akungolira, zimene ankazikonda alibe nazonso ntchito, pamenepo ndi matenda. Ndipo ambiri sanena kuti ndakhumudwa ayi, amati mutu ukundiwawa, mtima ukuthamanga, thupi lonse laphwanya, ndikuganiza kwambiri. Alamu anayezetsa malungo kawiri konse osapezeka, akungomwa Panado basi.

Izi si za azungu ngati mmene ena amanenera. Kafukufuku wina anachitikira konkuno, pa sikelo ya amayi oyembekezera pachipatala chachikulu cha Mangochi, mafunso ake anawamasulira m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 10 alionse anali ndi matenda a kukhumudwa kwakukulu. Tangoganizani mzere uja wa ku sikelo mmene umatalikira Lolemba mmawa. Amene analibe wowathandiza pakhomo komanso amene amachitiridwa nkhanza ndi amuna awo ndi amene amapezeka nawo kwambiri. Amodzi mwa mafunso amenewo amatchedwa SRQ-20, a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi la WHO, alipo 20 ndipo mumangoyankha inde kapena ayi: kodi mutu umakupwetekani pafupipafupi, mumagona bwino, manja amanjenjemera, mumalira kuposa kale. Ndi mafunso oti ngakhale inu mutha kuyambira pomwepo pocheza ndi m'bale wanu.

Pocheza napo pafunika nzeru. Musaitanitse bwalo la banja, amalume, azakhali, apongozi onse atakhala mozungulira munthu mmodzi ngati mlandu, sangayankhule. Ine ndinadikira tsiku lina tikuchapa awiriwiri kunyanja, ndinangoti alamu, masiku ano sindikukuonani bwino, mumtimamu muli chani? Anakhala chete nthawi yaitali ndithu, ine ndikungofikisa chitenje pamwala, kenako anayamba kulira nkunena zonse, ngongole ya ku banki m'khonde, achimwene osaimba foni mwezi wathunthu, komanso mantha oti mwanayo sakumukonda mmene mayi amayenera kukondera mwana wake. Apa mugwire pakamwa panu. Mawu aja oti limbani mtima, ena akuvutika kuposa inu, mukuchepa chikhulupiriro, amatseka munthu pakamwa pompo. Mvetserani basi, mukafuna kuyankha nenani kuti ndamva, ndipo sindikusiyani nokha.

Funso lovuta lija mulifunse ndithu: kodi munaganizapo zodzipha? Ambiri timaopa kuti tikafunsa timupatsa maganizo, koma akatswiri anafufuza ndipo kufunsa sikupangitsa munthu kudzipha, kumamupatsa mpata woti atule. Akati inde, musamusiye yekha ngakhale usiku, chotsani tameki, mankhwala a mbewu, zingwe ndi mapilisi m'nyumbamo, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mayi amene wangobereka kumene akayamba kuyankhula zosamveka, osagona masiku angapo, kumva mawu amene ena sakuwamva, imeneyo ndi ngozi, pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo. Munthu akasokonezeka thupi likutentha athanso kukhala malungo aakulu, nde kuchipatala nkofunika mulimonse.

Kupita kuchipatalako ndi pamene manyazi amatigwira. Anthu akangomva za matenda a maganizo amaganiza za ku Zomba Mental, unyolo, munthu wovula pamsewu. Komatu ambiri safika ku Zomba, amathandizidwa pachipatala cha boma nkubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ngati muli kutali monga ku Makanjira kapena ku Namwera yambirani pachipatala chaching'ono chapafupi kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, akuuzani tsiku limene amaona odwala matenda a maganizo. Tengani buku la kuchipatala, mumuperekeze, ndipo mukalowa munene zonse osangoti mutu. Akapatsidwa mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine dziwani kuti sagwira ngati Panado, pamatenga masabata angapo kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo asasiye yekha akangoona kuti zayamba kuyenda.

Za mapemphero sindikuletsa, kunyumba kwathu ena ndi a ku mzikiti ena a ku tchalitchi ndipo onse anabwera kudzapemphera, alamu zinkawalimbitsa mtima. Chimene ndimakana ndi choti shehe kapena abusa kapena sing'anga alowe m'malo mwa chipatala, kapena wina awuze wodwala kuti ataye mankhwala.

Si onse amafunika mapilisi. Ku Zimbabwe dokotala wina dzina lake Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala nkumamvetsera anthu, kuwathandiza kusankha vuto limodzi nkupeza poyambira. Zotsatira za kafukufuku wake ku Harare zinatuluka mu 2016 ndipo anthu amene anacheza ndi agogowo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Kumeneko matendawa amawatchula kuti kufungisisa, ndi kuganiza kwambiri komwe timanena kunoku. Ife tinatengerako, tinatenga vuto la ngongole lokha, tinapita kwa amayi a banki m'khonde ija nkugwirizana kabwezedwe kapang'onopang'ono, mwana ndinkamutenga masana kuti alamu agoneko.

Pakhomo samalani pakamwa. Mawu oti wamisala, wazungulira mutu, alekeni ndipo ana akawanena adzudzuleni pomwepo. Nkhani ya wodwala musaiponye pa gulu la WhatsApp kapena kuikamba pa mjigo, mufunseni kaye mwini wake amene akufuna kuti adziwe. Aneba akafunsa, ine ndinkangoti alamu akudwala matenda a maganizo, akulandira chithandizo, ngati mmene tinganenere za BP kapena shuga, ndipo mayi wina amene ankaseka poyamba anabwera madzulo ena mwakachetechete kudzafunsa kuti kodi kuchipatalako amaona tsiku lanji, mwana wake wamwamuna wasiya kupita kunyanja ndipo sakutuluka m'nyumba. Pa 10 Okutobala dziko lonse lapansi limakumbukira za umoyo wa maganizo, ngati muli mu komiti ya mzikiti, ya tchalitchi kapena ya kudoko pemphani mlangizi wa zaumoyo adzayankhule tsiku limenelo, abambo ndi asodzi akhalepo osati amayi okha.

Alamu anayambiranso geni ya usipa mwana ali ndi miyezi 9. Masiku ena amadzukabe olemedwa, akatero amanditumizira uthenga ndipo ndimapita kukatenga mwana.