Kuwelenga pepala la zotsatila za magazi: ANA, RF ndi zina

Malangizo awa ndi anu inu ocokela ku Zambia, makamaka ku Chipata ndi madela oyandikila, amene mwapimitsa magazi kuno ku Lilongwe cifukwa adokotala akuganizila matenda amene asilikali a m'thupi amaukila thupi lomwelo, monga lupus kapena nyamakazi ya rheumatoid.

Mukaona mau akuti "positive" pambali pa ANA (mayeso ofufuza ma antibody, asilikali a m'magazi, amene amaukila thupi lanu lomwe), mtima usagwe. Ku labotale amasungunula magazi anu mobwelezabweleza kuti aone ngati ma antibody akuonekabe, ndiye amalemba 1:40, 1:80, 1:160, 1:320 kapena kuposa. Nambala yakumapeto ikakula, ma antibody ndi oculuka. Koma anthu ambili athanzi, makamaka azimai ndi acikulile, amapezeka ndi 1:40 kapena 1:80 popanda kudwala. Cotelo ANA payokha siitsimikiza lupus. Adokotala amaiona pamodzi ndi zimene mukumva m'thupi: zidzolo pamasaya, mfundo zotupa, tsitsi kuthothoka, zilonda m'kamwa. Mayeso a ma antibody ena, anti-dsDNA ndi anti-Sm, ndiwo amalozela ku lupus mwamphamvu.

RF (rheumatoid factor, antibody imene amapima pofufuza nyamakazi ya rheumatoid) nayonso imasokoneza. Imatha kukwela mwa munthu wa TB kapena matenda a ciwindi a hepatitis C. Pa nyamakazi, antibody ina, anti-CCP, ndi yodalilika kuposa RF. ESR ndi CRP zimangoonetsa kuti m'thupi muli kutupa, sizichula matenda. Malungo amazikweza, ndipo ESR imakwelanso ngati muli ndi pakati kapena magazi ocepa. C3 ndi C4 (mapuloteni a m'magazi othandiza citetezo ca thupi) zikatsika mwa munthu wa lupus, nthawi zambili matenda adzuka.

Cofunika kwambili, cimene ambili amacipeputsa, ndi kupimitsa mkodzo. Lupus imatha kuononga impso mwakacetecete, ndipo mapuloteni mumkodzo ndiwo amaonekela msanga.

Uzani adokotala mankhwala onse amene mukumwa. Isoniazid wa TB, komanso hydralazine ndi methyldopa a BP, angacititse ANA kukhala positive. Ngati muli pa prednisolone, musaleke mwadzidzidzi ngakhale zotsatila zioneke bwino.

Nambala zanu muziyelekezele ndi malile a nambala za munthu wathanzi olembedwa papepala lomwelo, popeza malabotale amasiyana. Pepalalo mupite nalo ku cipatala ca kwanu. Mapazi kapena nkhope zikatupa, mkodzo ukacita thovu, kapena mukayamba kupuma movutika, pitani ku cipatala tsiku lomwelo osadikila tsiku limene anakupatsani.