Green curry ya ku Thailand, osakhutchumula chitini

Amene mukufuna kuyesa green curry (ndiwo za msuzi wa coconut milk ndi tsabola wobiriwira) pakhomo, chitini cha coconut milk chija musachikhutchumule ayi. Tsegulani bwinobwino, tapani zonona zapamwambazo muike mumpoto pamoto wochepa mpaka mafuta ayambe kuyandama, ndiye mukazingiremo paste yanu ya green curry (tsabola wobiriwira wosinja pamodzi ndi zokometsera zina) mpaka fungo lifike kwa aneba, kenako nkhuku, mkaka wotsalawo uzilowa kumapeto. Ine poyamba ndinkangothira zonse pamodzi, zinkatuluka madzi okhaokha zosakoma olo pang'ono. Mchere wake ndi fish sauce (msuzi wamchere wopangidwa kuchokera ku nsomba) koma muzithira pang'onopang'ono mukulawa, imawawa mchere koopsa. Lemon grass timamwera tiyi uja ndi yemweyo, tengani tsinde lakumunsi loyeralo muliphwanye kaye ndi mpeni. Mpunga wa jasmine ukasowa musavutike, Kilombero amagwira bwinobwino.