Momwe mungapezere malo ophunzira psychology m'Chingerezi ku Netherlands

Makolo ndi ophunzira ambiri akhala akundifunsa kuti ndinayenda bwanji kuti ndikaphunzire psychology ku Netherlands chikhalirecho Chidatchi sindinkachidziwa. Yankho ndi loti kumeneko kuli mayunivesite angapo omwe akhala akuphunzitsa digiri yoyamba ya phunziroli m'Chingerezi, monga ku Groningen, Maastricht, Leiden, Tilburg ndi Amsterdam. Digiriyo ndi ya zaka zitatu, yokwana makirediti 180 (mapointi omwe mumapeza mukakhoza phunziro lililonse). Koma musanachite chilichonse, lowani pa webusaiti ya yunivesite yomwe mukufuna, mutsimikize kuti chaka chimenecho akuphunzitsabe m'Chingerezi. Zaka zapitazi boma la dzikolo lakhala likukakamiza mayunivesite kuchepetsa maphunziro a m'Chingerezi, ndipo psychology ndi limodzi mwa maphunziro omwe akhala akutchulidwa kwambiri pa nkhaniyi.

Choyamba ndi mapepala a kusukulu, ndipo apa ndi pomwe ine ndinagwa, choncho ndifotokoza mofatsa.

Yunivesite ya ku Netherlands imafuna satifiketi yofanana ndi yawo ya kusekondale yotchedwa VWO. Ine ndinali ndi MSCE ya mapointi abwino ndithu, ndipo ndinkaona ngati imeneyo ingonditsegulira khomo. Bambo wina wa kaofesi ka m'tauni, wa aja amati amathandiza ana kupita kunja, anaitembenuza satifiketiyo uku ndi uku n'kundiuza kuti palibe vuto, ndingolipira ya fomu ndi ya "kufulumizitsa". Mayi anga anagulitsa matumba a soya omwe ankasungira kudikira mitengo. Tinalipira. Mu February yunivesite inandilembera imelo ya mizere itatu yokha, yonena kuti satifiketi yanga siikufika pa mlingo wa VWO ndipo pempho langa latsekedwa. Ndinaiwerenga nditakhala pa khonde, foni ili pa chaja, mayi akupeta mpunga pafupi nane, ndipo ndinatha ola lathunthu ndisanawauze. Bambo uja foni yake inasiya kupezeka sabata yomweyo. Chaka chonse chinapita.

Chomwe ndikanachita, chomwe inunso muchite, n'kulembera nokha ofesi yolandira ophunzira pa yunivesiteyo mu September kapena October. Auzeni dziko lanu, dzina la satifiketi ndi maphunziro omwe munakhoza, muwafunse ngati akukulandirani. Salipiritsa kufunsa. Amene ali ndi ma A-Level a Cambridge kapena IB (International Baccalaureate) njira yawo imakhala yowongoka. Wa MSCE kawirikawiri amafunika awonjezerepo, kaya ma A-Level kaya maphunziro a pa yunivesite yovomerezeka kuno kumudzi, ndipo yunivesite iliyonse ili ndi muyezo wake. Ine ndinayamba ndaphunzira kuno, kenako n'kutumiza transikiripiti yodindidwa. Funsaninso za masamu. Ambiri amaganiza kuti psychology n'kumvetsera mavuto a anthu basi, koma chaka choyamba chomwecho mumakumana ndi statistics, ubongo ndi njira zofufuzira, ndipo ena amafuna umboni wa masamu musanalowe n'komwe.

Chachiwiri ndi Chingerezi. Ngakhale tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira kupulaimale, konzekerani kulemba IELTS Academic kapena TOEFL pokhapokha akakuuzani okha kuti mwakhululukidwa. Ambiri amafuna 6.0 kapena 6.5 pa IELTS, ndipo zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri. Lembani isanafike November kuti mukalephera mukhale ndi mpata wobwereza. Aja a pa Facebook ndi WhatsApp ogulitsa satifiketi ya IELTS "osalemba mayeso" ndi akuba. Yunivesite imatsimikiza zotsatira zanu kwa eni mayeso.

Chachitatu ndi Studielink, webusaiti yomwe aliyense amalembetsera. Psychology m'mayunivesite ambiri ili pa numerus fixus, kutanthauza kuti malo ndi owerengeka. Tsiku lotsekera ndi 15 January, ndipo likadutsa palibe kudandaula. Pa maphunziro a malo owerengekawa mumaloledwa kusankha awiri okha pa chaka. Ikatha January amakutumizirani zowerenga, nthawi zambiri machaputala a buku ndi maphunziro a pa vidiyo, kenako mumalemba mayeso osankhira anthu. Ine ndinalembera pa intaneti, ndipo ndinabwereka chipinda kwa mnzanga wa sola poopa kuthima kwa magetsi. Pa 15 April mumalandira nambala yanu pa mndandanda. Akakupatsani malo muli ndi masabata awiri oti muvomere pa Studielink, apo ayi amapatsa wotsatira. Nambala ikakhala patali musataye mtima msanga, mzere umasuntha mpaka miyezi ya m'tsogolo chifukwa ena amakana malo.

Ndalama ndiye nkhani yaikulu. Wochokera kunja kwa European Union amalipira fizi yoposa mayuro 10,000 pa chaka, ndipo nthambi yoona zolowa ndi kutuluka, IND, imafuna umboni woti muli ndi mayuro oposa 1,000 pa mwezi a chaka chonse. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno, pitani kubanki ndi invoisi tsiku lomwe mwailandira. Maganyu musawadalire pa fizi: mumaloledwa maola 16 pa sabata, kapena ntchito ya tsiku lonse mu June, July ndi August, ndipo chilolezo cha ntchito amakutengerani ndi wokulembani ntchitoyo.

Viza, yomwe amaitcha MVV, ndi chilolezo chokhalira amakufunsirani a yunivesite ku IND. Ku Malawi kulibe ofesi ya kazembe wa Netherlands, choncho funsani msanga komwe mukadinditse pasipoti, muikenso ya ulendowo pa bajeti. Nyumba yambani kufuna tsiku lomwe mwavomera malo, ndipo musatumize dipoziti kwa munthu amene akukana kukuonetsani chipinda pa vidiyo. Mukafika kalembetseni ku khonsolo ya mzinda mupeze BSN, nambala yomwe boma limakudziwirani, mugule njinga yakale ndi loko wolimba. Chaka chilichonse khozani theka la makirediti kapena kuposerapo kuti chilolezo chokhalira chisalandidwe, ndipo chaka choyamba yunivesite imafuna ochulukirapo. Ngati cholinga chanu n'kudzaona odwala komweko, yambani Chidatchi semesita yoyamba.