Momwe mungakaonere mathithi a m'dzinja m'mapiri ozungulira Lilongwe pa ulendo wa tsiku limodzi

Mapiri amene tayandikana nawo kuno ku Lilongwe, monga Nkhoma, Dedza ndi Dzalanyama, amakhala ouma gwa m'chilimwe, koma mvula ikakhazikika, makwawa ake amatsitsa madzi pamatanthwe n'kupanga mathithi amene ambiri amaphwa pakangopita milungu yochepa. Munthu wofuna kuwaona ayenera kuyamba ndi kusankha nthawi. Ine ndimakonda mwezi wa Marichi kufikira kumayambiriro kwa Epulo, makamaka patapita tsiku limodzi kapena awiri chigwereni mvula yamphamvu, chifukwa mu Januwale misewu yafumbi imakhala matope okhaokha, pamene pofika Juni mumangopeza zipsera zakuda pamiyala pamene madzi ankadutsa.

Mukasankha Nkhoma, kwerani minibasi yolowera ku Dedza pa msewu wa M1 ndipo mukatsike pa Kamphata, pamene mungapeze galimoto ina kapena kabaza wanjinga yamoto. Phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, njira yake imayambira pafupi ndi boma pomwepo. Ku Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, kumafunika galimoto yokwera, ndipo popeza ndi nkhalango yotetezedwa, muyambe mwaonekera kwa alangizi a zankhalango. Wakabaza mugwirizane naye mtengo wopita ndi wobwerera musanakwere, koma musamupatse ndalama zonse m'mawa, chifukwa ena akalandira sabweranso madzulo. Nsapato zabwino zimapezeka pa kaunjika wa mumsika wa Tsoka, koma muzipinde kaye ndi manja kuti muone ngati soli yake sinangomatidwa ndi guluu, pakuti yotereyo imamatuka pathanthwe loyamba lonyowa.

Chimene ndikufuna kuti mumvetsetse kwambiri ndi kaolokedwe ka makwawa, chifukwa apa ndi pamene ine ndi anzanga awiri tinatsala pang'ono kutaya miyoyo. Tinaoloka khwawa lina cha m'ma 9 koloko m'mawa, madzi akulekeza m'kakolo, ndipo bambo wina wachikulire amene ankapalira m'munda wake wachimanga anatichenjeza kuti, "Ana anga, mukabwerere dzuwa lisanapendeke, kumtundaku kwada." Ife tinathokoza mwaulemu koma sitinasamale, popeza pamene tinali panali ngwee, ndipo mathithi amene tinawapeza anatikomera kwambiri mwakuti tinachedwa kunyamuka. Pobwerera, cha m'ma 3 koloko masana, tinamva mkokomo tisanafike n'komwe pakhwawapo. Madzi anali ofiira ndi dothi, atanyamula nthambi ndi mapesi, ndipo mwala umene tinakhalapo m'mawa pomanga zingwe za nsapato unali utamira. Mvula inagwa kumtunda kokha, ife osaona ngakhale dontho limodzi, koma madzi onse a m'mbali mwa phirilo anasonkhana m'khwawa limodzilo. Mnzathu wina anayesa kuponda ndipo madzi anamugwetsa nthawi yomweyo. Chimene chinamupulumutsa ndi muzu wa mkuyu umene anaugwira mpaka ife tinamukoka. Tinadikira kutsidyako maola oposa atatu, tikunjenjemera ndi kuzizira, kufikira madziwo ataphwerako.

Choncho muziwerenga makwawa amene mwaoloka popita, podziwa kuti mudzawaolokanso onse. Muziyang'ana mitambo ya pamwamba pa phiri osati ya pamutu panu pokha, ndipo madzi oyera akayamba kusanduka ofiira kapena kubweretsa zinyalala, tulukani m'khwawamo msanga n'kukwera pamtunda. Madzi othamanga amene apitirira m'mawondo musawaoloke. Ndi chifukwa chakenso ndimalimbikitsa kutenga munthu wa m'mudzi wapafupi, wolozeredwa ndi amfumu, kuti akutsogolereni, m'malo mwa achinyamata amene amakuthamangirani pasiteji n'kumati njira zonse amazidziwa.

Pamathithi penipeni, musayandikire m'mphepete mwa thanthwe, chifukwa ndere zimaterera ngati sopo, ndipo mukamva mabingu tsikani pamalo okwera. Muchenjerenso ndi chitedze m'tchire lowirira.

M'chikwama muikemo madzi akumwa osachepera malita awiri, mtedza wokazinga, mbatata yophika, tochi ndi pulasitiki yokulungira foni. Mverani ulosi wa zanyengo pa wailesi usiku wake, uzani wina kunyumba kumene mwalowera, nyamukani m'bandakucha, ndipo muyambe kutsika 1 koloko isanakwane.