Kutenga cikalata ca imfa ku ofesi ya county ku Texas

Malangizo awa ndawaika m'Cinyanja popemphedwa ndi komiti ya malilo ya anzathu okhala ku Dallas ndi ku Houston, kuti nawonso abale amene ali kumudzi adziwe zocita wacibale akamwalila ku Texas. Pamene pali lamulo ndatsatila mawu a boma. Pamene ndaona kuti munthu wa ku Chipata kapena wa ku Chawama angapunthwe, ndaikapo anga.

Liwu lakuti county ndalisiya mmene lilili. Mukafuna, liyelekezeni ndi distilikiti, ndipo Texas ili ndi ma county 254. Amene amasunga zikalata ndi County Clerk. Musamumve ngati kalaliki wa pa windo ayi, ndi mkulu wocita kuvoteledwa, ndipo dzinalo limaimila ofesi yake yonse.

Cikalata ca imfa cimalembetsedwa kumene munthu anamwalilila, osati kumene anali kukhala. Munthu wa ku Dallas akatsilizikila m'cipatala ca ku McKinney, pepala lake lili ku Collin County. Komanso mizinda ya Dallas ndi Houston ili ndi maofesi akeake a zikalata za kubadwa ndi imfa, conco womwalila mkati mwa malile a mizinda imeneyi mumufunse ku ofesi ya mzinda. Njila yacidule ndi kufunsa a kampani yokonza malilo kuti analembetsa kuti, pakuti ndiwo amatumiza cikalataco, ndipo lamulo limawapatsa masiku 10 kucokela pa tsiku la imfa. Ofesi yaikulu ya Vital Statistics ku Austin imasunga za Texas yonse, koma kawilikawili kumeneko mumadikila nthawi yaitali kuposa ku county.

Tsopano mbali imene yandidyela nthawi. Lamulo likuti: cikalata ca imfa imene sinakwanitse zaka 25 sicipelekedwa kwa munthu aliyense, koma kwa wopempha woyenelela yekha. Woyenelela ndiye wa m'banja lapafupi la womwalilayo, womuyang'anila mwalamulo, kapena womuimila mwalamulo. Wina aliyense ayenela kuonetsa cikalata cotsimikizila kuti nkhaniyo ikumukhudza mwacindunji.

Mawu a pa fomu ndi immediate family, ndipo nditalemba kuti "banja lapafupi" ndinaona kuti ndanamiza owelenga. Kwathu amalume ndi apafupi kwambili, ndiwo eni mbumba, ndiwo amalankhula pa malilo. Mwana wa amai aang'ono ndi m'bale wako weniweni. Ku Texas sizili conco. Banja lapafupi ndi awa okha: mkazi kapena mwamuna wa womwalila, ana ake, makolo ake, abale ndi alongo obadwa kwa kholo limodzi ndi iye, ndi ambuye ake obala atate kapena amai. Amalume mulibe. Atate aakazi mulibe, asuweni mulibe. Ngakhale mutakhala kuti ndinu munamulela ndi kumulipilila sukulu kucokela giledi 1, pa windo paja ndinu mlendo. Ndinaonapo banja lina litataya masabata atatu cifukwa amalume, mwa ulemu wa kwathu, ndiwo anasaina fomu, ndipo inabwezedwa pamene mlongo wa womwalila anali pomwepo m'nyumba imodzi. Amalume atsogolele mwambo, koma colembela cigwilidwe ndi amene lamulo likumudziwa. Ndipo musayese kulemba kuti ndinu m'bale pamene muli msuweni. Pa fomu pali cenjezo lakuti wonama mwadala angaikidwe m'ndende zaka 2 mpaka 10 ndi kulipitsidwa ndalama zofika $10,000.

Amene si wa banja lapafupi koma dzina lake lili pa inshuwalansi ngati wolandila ndalama, atenge pepala la inshuwalansilo. Ndico citsanzo ca kukhudzidwa mwacindunji kuja.

Kudzaza fomu sikufuna mphunzitsi: dzina lonse la womwalila, tsiku ndi malo a imfa, maina a makolo ake, cibale canu, ndi cifukwa cimene mukufunila cikalata. Ziwili zokha musamale. Ku America amayamba ndi mwezi polemba deti, conco 03/04 ndi March 4, osati 3 April. Ndipo dzina la amai limene akufuna ndi la kwao, la asanakwatiwe.

Za ziphaso, ofesi inazigawa m'magulu atatu, A, B ndi C. Wopempha aonetse cimodzi ca gulu A, kapena ziwili za gulu B, kapena cimodzi ca gulu B pamodzi ndi ziwili za gulu C. Laisensi yoyendetsela galimoto ya ku America ndi green card zili m'gulu A. Amene ali ndi pasipoti ya Zambia ndi reji cabe, ayambe watuma foni ku ofesi ndi kuchula zimene ali nazo asanauyambe ulendo. Ciphaso ca gulu A cikhale cosatha nchito.

Mukapita nokha ndipo zonse zili bwino, nthawi zambili mumacoka naco tsiku lomwelo. Pempho la pa positi liyenela kusainidwa pamaso pa notary public ndi kutumizidwa pamodzi ndi fotokope ya ciphaso. Notary ali ngati Commissioner for Oaths wa kwathu, nchito yake ndi kucitila umboni kuti wosaina ndi inuyo. Musasainiletu kunyumba. Amene muli ku Zambia, ofesi ya kazembe wa America ku Lusaka imagwila nchito imeneyi kwa amene apangana tsiku, ndipo imalipilitsa. Koma ngati kuli mwana kapena mlongo wa womwalila ku America, mulekeleni iyeyo, mudzapulumutsa ndalama ndi masabata. Ndalama za kash siziikidwa mu envulopu. Amalandila money order kapena cheke ca madola.

Mtengo ku ma county ambili ndi $21 cikalata coyamba ndi $4 ciliconse coonjezela pa pempho lomwelo. Ku Austin ndi $20 ndi $3. Onani pa webusaiti ya ofesi musanalipile. Apa malangizo a boma sanena kanthu, koma ine ndikuti gulani zambili nthawi imodzi, 8 kapena 10. Banki idzafuna cake, a inshuwalansi cao, a kunchito cao, onyamula mtembo pa ndeke cao, ndiye kudzabwela za kwathu: NAPSA ngati anagwilako nchito ku Zambia, khoti poika woyang'anila cuma ca masiye, ndi za nyumba kapena puloti. Mukabwelela mawa, muyambilanso pa $21. A kampani yokonza malilo angathenso kukuitanitsilani pamene akulembetsa, ingowauzani nambala.

Cifukwa cogulila zambili ndi liwu lina lovuta, certified copy. Kwathu timajambula pepala pa makina, n'kupita nalo kukadinditsa, ndiye timati lasetifaidwa. Ku Texas tanthauzo lake ndi cikalata cosindikizidwa ndi ofesi yeniyeniyo pa pepala lapadela la citetezo. Fotokope yake, ngakhale ikhale ndi cidindo ca notary, siilowa m'malo mwake. Palinso kalata yochedwa verification letter, imene imangotsimikiza kuti imfayo inalembetsedwa. Iyi si cikalata ca imfa, musaigule poganiza kuti a inshuwalansi adzailandila.

Imfa ikakhala ya ngozi, yadzidzidzi kapena yokayikitsa, imafufuzidwa ndi dokotala wa boma wopima mitembo, kapena Justice of the Peace, woweluza wa khoti laling'ono, m'ma county aang'ono. Zikatelo cikalata cingatuluke ndi liwu lakuti pending pa malo a cimene cinapha munthu, kutanthauza kuti zotsatila sizinabwele. Pamenepo gulani zocepa cabe zoti malilo ayende, zambili mudzagule cifukwa ca imfa cikalembedwa, pakuti a inshuwalansi ambili amadikila cimeneco.

Mukalandila, welengani mzele uliwonse muli pomwepo. Maina athu amalakwitsidwa kwambili, Nkhoma asanduka Nkoma, Mbewe asanduka Mbwe, ndipo dzina likasiyana ndi la pa pasipoti ndi pa reji mudzavutika ku Lusaka. Kukonza kumadzela ku Austin, pa fomu ina, ndi malipilo ena. Ndiye amene akupeleka mbili ya womwalila kwa a kampani yokonza malilo akhale ndi pasipoti m'manja, asalankhule za pamtima ali m'misozi.

Ofuna kutumiza mtembo kwathu adziwe kuti pamafunikanso burial-transit permit, cilolezo conyamulila mtembo kutuluka mu Texas, ndipo a kampani yokonza malilo ndiwo amacitenga. Ngati ofesi ya ku Zambia yanena kuti cikalata ca imfa citsimikizidwe, njila yake imayambila kwa Secretary of State wa Texas ku Austin, amene amatsimikizila zikalata za Texas, kenako ku Department of State, unduna wa za maiko akunja wa boma la America, n'kutsilizila ku ofesi ya kazembe wa Zambia ku Washington. Funsani amene akucifunayo ngati akufunadi zidindo zonsezi musanalipile, ndipo potumiza muike cikalata ceniceni ca pa pepala la citetezo lija.