Kukonza tsala kuti agwape apezepo chakudya: malangizo kwa eni malo a ku Georgia

M'boma la Georgia ku America muli dera la zitunda lotchedwa Piedmont, kumene malo ambiri anali minda ya thonje. Thonjelo linaguga nthaka kwa zaka zoposa 100, mvula n'kukokolola dothi lapamwamba, ndipo kachilombo koononga thonje ka boll weevil katafika mu 1915 alimi ambiri anagwa ulesi n'kusamukira m'mizinda. Minda inasanduka matsala. Lero munthu akagula maekala 40 kapena 80 kumeneko amapeza katondo wolimba, mitengo ya paini yothithikana, udzu wa fescue, ndi ziyangoyango za kudzu zimene boma linkalimbikitsa alimi kubzala m'ma 1930 pofuna kuteteza nthaka. Ambiri ogula malo otere safuna kulima zogulitsa ayi. Amafuna kuti pamalopo pazikhala agwape a mchira woyera athanzi, azisaka m'nyengo yololedwa, banja lizidya nyama. Malangizowa ndi a inu amene muli ndi malo otere, kapena mwapatsidwa udindo wowasamalira.

Chonde musayambire pa thumba la mbewu. M'masitolo a zaulimi ndi a zauzimba muli matumba okongola, ojambulidwa gwape wa nyanga zikuluzikulu, ndipo munthu amaganiza kuti akangomwaza mbewuzo ndiye kuti wamaliza. Kamunda kodyetsera agwape kamatenga gawo laling'ono la malo anu, kawirikawiri maekala 2 mpaka 5 pa maekala 100 aliwonse. Chakudya chochuluka, pobisala ndi poberekera, agwape amazipeza m'malo otsalawo. Ngati malo otsalawo ali gwaa, kamunda kanu kadzadyedwa mpaka dothi pa masabata ochepa, ndipo agwapewo adzapita kwina.

Gwape sadya ngati ng'ombe. Chifu chake n'chaching'ono, choncho amasankha zofewa zokhazokha: masamba anthete, nsonga za zitsamba, zomera za masamba otambalala, ndi zipatso zakugwa. Udzu wokhwima sapindula nawo. N'chifukwa chake dambo la fescue kapena bermudagrass, ngakhale lioneke lobiriwira bwanji, kwa gwape ndi malo a njala. Kuti angokhala ndi moyo amafuna chakudya chokhala ndi mapuloteni 6 kapena 7 pa 100, koma kuti wamkazi ayamwitse bwino ndi wamwamuna amere nyanga zabwino pamafunika pafupifupi 16 pa 100. Kumeneko njala imavuta kawiri pachaka. Koyamba ndi Julayi mpaka Seputembala, pamene zomera zakuthengo zakhwima koma aakazi akuyamwitsa. Kachiwiri ndi Januwale mpaka Malichi, zipatso za mitengo ya oak zitatha ndipo kukuzizira. Kamunda kanu kakhale kotseka mipata iwiri imeneyi.

Musanatulutse thirakitala, yendani pamalo ponse wapansi, muone zimene zamera zokha. Zambiri zimene mwini malo watsopano amaziona ngati tchire lofunika kutchetcha ndi chakudya chenicheni. Zomera zakuthengo monga ragweed, pokeweed, partridge pea, greenbrier ndi mabulosi a blackberry agwape amazidya kwambiri, ndipo zitsamba zofika m'chiuno ndi mmene ana awo amabisala m'miyezi ya Meyi ndi Juni. Mitengo ya white oak ndi persimmon muisunge, muidulire mitengo ina yoiphimba. Zimandiwawa kuona munthu atatchetcha tsala lonse mpaka kuyera mbee pofuna kuti pazioneka posamalika, osadziwa kuti wataya chakudya chaulere chimene akanachigula ndi madola ambiri.

Chofunika kuchotsa ndi udzu wobwera uja ndi zomera zolanda malo, monga kudzu ndi Chinese privet. Fescue amafa bwino mukamupopera mankhwala opha zomera a glyphosate mu Novembala, chisanu choyamba chitagwa, chifukwa nthawi imeneyo zomera zachilengedwe zambiri zauma kale koma iye akadali kukula. Akafa, njere zimene zakhala m'dothi kwa zaka zambiri zimamera zokha. Katswiri wa zanyama zakuthengo wa ku University of Tennessee, Craig Harper, wakhala akuphunzitsa zimenezi kwa nthawi yaitali, kuti tsala losamalidwa motere limapereka chakudya ndi pobisala pa mtengo wotsika kuposa munda wolimidwa.

M'nkhalango ya paini vuto ndi mthunzi. Gwape amadya zimene zili pansi pa mita imodzi ndi theka, ndipo pansi pa mitengo yothithikana pamakhala masamba ouma okhaokha. Patulirani mitengoyo kuti dzuwa lizifika pansi pa gawo limodzi mwa magawo atatu a malowo kapena kuposa. Nthawi zambiri mitengo yodulidwayo imagulitsidwa n'kulipira ntchito zinazo. Pambuyo pake otchani pansi pake pa zaka 2 mpaka 4 zilizonse, makamaka pakati pa Januwale ndi Malichi. Uku si kutentha tchire kwa osaka mbewa. Pamafunika chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nkhalango ya Georgia Forestry Commission, njira zotchingira moto zolimidwa mozungulira, tsiku la mphepo yoyenera, ndi anthu odziwa ntchitoyo.

Mukafika pa kamunda kenikeniko, sankhani malo osatsetsereka kwambiri, osadikha madzi, olandira dzuwa maola 4 mpaka 6 patsiku kapena kuposa. Pamene odula mitengo ankaunjikira zipika ndi pabwino, ngakhale dothi lake limakhala logangatika ndipo limafuna kugaula mozama. Kakhale kutali ndi msewu wa anthu onse ndi malire anu, kuopa opha nyama mozemba ndi ngozi za galimoto. Gwape sakonda kutulukira pabwalo lalikulu masana, choncho timinda tiwiri kapena titatu ta theka la ekala mpaka maekala 2, tataliitali ndi tokhotakhota, toyandikana ndi tchire lobisalamo, timagwira ntchito kuposa munda umodzi waukulu.

Pa kuyeza nthaka ndipamene ambiri amathamanga, pomwe ndi pofunika kudekha kuposa pena paliponse. Tapani dothi pa malo 10 mpaka 20 m'kamundako, kuya masentimita 10 mpaka 15, sakanizani m'ndowa yapulasitiki yoyera, tenganipo lodzaza kapu ziwiri mupite nalo ku ofesi ya alangizi a University of Georgia m'dera lanu. Amalipiritsa madola ochepa. Lembani mbewu imene mukufuna kubzala kuti akuuzeni mlingo woyenera wa laimu ndi feteleza. Matsala a ku Piedmont nthawi zambiri amakhala ndi asidi wambiri, pH yake (muyeso wa asidi m'dothi) kuzungulira 5 kapena 5.5, pomwe clover, chomera cha mtundu wa nyemba chobzalidwa m'timinda ta agwape, amafuna 6 mpaka 7. Kusiyanako kumaoneka kochepa, koma kutsika kwa nambala imodzi kumatanthauza asidi wochuluka kakhumi. M'dothi lotere fosifolasi amagwidwa ndi ayironi ndi aluminiyamu, mizu imalephera kuyenda, ndipo tizilombo ta m'mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba timene timakoka nayitrojeni mumpweya sitigwira ntchito. Feteleza amene mwathira amangowonongeka.

Mankhwala ake ndi laimu, kawirikawiri tani imodzi kapena awiri pa ekala, nthawi zina atatu. Laimu sagwira msanga. Athiridwe miyezi 3 mpaka 6 musanabzale ndipo asakanizidwe ndi dothi. Wobwera pa lole ndi wotsika mtengo kwambiri kuposa wa m'matumba, choncho ngati msewu wanu ungalole lole kufika, itanani lole. Ndalama zikakhala zokwanira chinthu chimodzi chokha pakati pa laimu, feteleza ndi mbewu zodula, gulani laimu.

Chaka choyamba pa tsala musabzale mbewu zokhalitsa. Laimu amakhala asanakhazikike ndipo udzu umamera mwamphamvu. Bzalani za nyengo imodzi: tirigu, oats kapena rye, pamodzi ndi crimson clover. Pa ekala imodzi makilogalamu 20 mpaka 25 a tirigu ndi 5 mpaka 7 a crimson clover ndi okwanira. Samalani pogula, chifukwa rye, mbewu yonga tirigu, ndi udzu wa ryegrass ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ryegrass amapezeka m'matumba ambiri otsika mtengo, amamera paliponse, koma akangobereka njere amavuta kumuchotsa ndipo amapha clover. Nthawi yobzala ndi kuyambira pakati pa Seputembala mpaka pakati pa Okutobala, moyang'ana mvula, popeza Okutobala kumeneko amakonda kukhala wouma. Mukafulumira kwambiri mungakumane ndi ntchemberezandonda, zomwezija zinafika ku Africa mu 2016 n'kusakaza chimanga kwathu. Kwawo kwenikweni ndi ku America, ndipo zimatha kumaliza kamunda kongomera kumene pa masiku ochepa.

Kabzalidwe kamagwetsa anthu ambiri kuposa mtundu wa mbewu. Tirigu alowe masentimita 2 kapena 3, koma njere za clover n'zazing'ono kwambiri, zisapitirire mamilimita 6. Mukamwaza zonse pamodzi n'kukwirira ndi khasu la thirakitala, clover sadzatuluka. Yambani ndi tirigu, kwirirani, tsinderani dothi, kenaka mwazani clover pamwamba n'kutsinderanso. Onetsetsani kuti njere za clover zili ndi inokulanti, monga alimi a soya amachitira, ndipo akhale wa mtundu woyenera mbewuyo.

Chaka chachiwiri, asidi atatsika, mungabzale white clover wokhalitsa, makilogalamu 2 kapena 3 pa ekala. Mtundu wa Durana unapangidwa ndi akatswiri a University of Georgia mogwirizana ndi a ku New Zealand kuchokera ku clover womera yekha m'boma lomwelo, ndipo umapirira kudyedwa ndi kutentha. Umatha zaka zingapo ngati mukuutchetcha pamwamba udzu ukautalikira, kupopera mankhwala opha udzu wokha a clethodim udzu ukachuluka, ndi kuthira feteleza wopanda nayitrojeni monga 0-20-20. Nayitrojeni m'munda wa clover amangonenepetsa udzu.

Mbewu za m'chilimwe n'zoti mumazidziwa kale: khobwe, soya ndi nkhungudzu, zobzala kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka Juni dothi litafunda. Khobwe anafika ku America kuchokera ku Africa m'nthawi ya ukapolo, ndipo pa katondo woguga amachita bwino kuposa soya, amapirira chilala, komanso amaphukanso akadyedwa. Soya agwape amamukonda mopitirira muyeso, moti akamuluma adakali ndi masamba awiri oyamba amafa. Pa kamunda kosakwana maekala 2 kapena 3 soya ndi kutaya ndalama, pokhapokha mutatchinga ndi waya wamagetsi kwa mwezi umodzi kapena kuposerapo. Mapira kapena mpendadzuwa pang'ono zimathandiza kuti khobwe apeze poyanga.

M'kamunda kalikonse imikani kakhola ka waya, mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi ndi theka m'mwamba, kokhomeredwa bwino pansi. Kakholako kamakuuzani zoona. Ngati m'kati ndi kunja mbewu zili zopinimbira, vuto ndi nthaka, mvula kapena kabzalidwe. Ngati m'kati zafika m'mawondo koma kunja zametedwa mpaka pansi, agwape achuluka kuposa chakudya. Cha m'ma 1900 agwapewa anatsala pafupifupi 500,000 kapena kucheperapo m'dziko lonse la America, koma chifukwa cha malamulo ndi ntchito yowabwezeretsa lero alipo pafupifupi 30 miliyoni, ndipo ku Georgia kokha amakwana pafupifupi 1 miliyoni. Vuto la madera ambiri tsopano ndi kuchuluka. N'chifukwa chake lamulo la Georgia limalola mlenje kupha agwape 12 pa nyengo, 10 mwa iwo opanda nyanga. Kuchepetsa aakazi ndi gawo la kusamalira malo, ndipo wokana kutero asadabwe akaona agwape owonda.

Kuthira chimanga pamulu kapena m'zodyetsera n'kololedwa pa malo a munthu ku Georgia, ngakhale maboma ena amaletsa, koma ine sindilimbikitsa. Chimanga chili ndi mapuloteni ochepa, chikanyowa chimachita chuku chokhala ndi poizoni, chimaitana nguluwe zimene zimafukula timinda usiku umodzi, ndipo chimasonkhanitsa agwape pakamwa ndi pakamwa. Matenda a muubongo wa agwape otchedwa Chronic Wasting Disease, amene anaonekera koyamba ku Colorado mu 1967, amafalikira kudzera m'malovu ndi zina zotuluka m'thupi, alibe mankhwala, ndipo mu 2025 anapezeka koyamba ku Georgia m'dera la Lanier. M'munda wa clover agwape amadya momwazikana.

Pa ndalama, fikani ku ofesi ya boma yosamalira zachilengedwe ya Natural Resources Conservation Service ya m'dera lanu mufunse za pulogalamu ya EQIP, imene imathandiza eni malo kulipira ntchito monga kuotcha mwadongosolo ndi kuchotsa zomera zolanda malo. Fikaninso kwa oyandikana nanu. Gwape wamwamuna amayenda pa maekala mazanamazana, choncho amene akudya clover wanu amagona kwa mnzanu. Bungwe la National Deer Association limalimbikitsa eni malo oyandikana kupanga magulu pa chifukwa chimenechi. Kumanani nyengo yosaka isanatsegulidwe, mugwirizane kuti aamuna aang'ono a chaka chimodzi ndi theka muziwasiya akule, ndiponso kuti aliyense achotsa aakazi angati chaka chimenecho.